Ngolo ya Bambo Ako pa Mitsetse ya ku Zobwe

Zobwe, Lachisanu masana

Luwiza mwananga,

Ndathawira kuno kudimba kuti ndikulembere, chifukwa kunyumbako sikukukhalika. Anthu ali pikitipikiti kudzakutsanzikani, azakhali ako akulamula aliyense ngati ulendowu ndi wawo, ndipo ine ndikangoti nditsegule pakamwa, kumabwera misozi kapena ukali. Dzulo ndinayesa. Unandiyankha kuti, "Amayi, a Domingu akuzidziwa zimenezo," n'kupitiriza kupinda timalaya ta mwana. Ndiye ndati kuli bwino pepala, pamenepa sungandidule mawu. Ndakhala pa thumba la adubu, feteleza uja, ndikulembera pabondo, ndiye zilembo zikapendama usaseke. Chichewa chake ndi chija ndinaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, Chipwitikizi cholemba ukudziwa kuti chinandikana. Uwerenge lero lomwe dzuwa lisanalowe. Usaike m'chikwama kuti ukawerengere ku Moatize, wamva?

Mawa m'mawa iwe, amuna ako a Domingu ndi kamwana kanu kaJuliya mukutsikira ku Moatize pa karinya, pikapu imene agula ija, mukukoka ngolo ya malemu bambo ako. Ngoloyo ndakupatsani ndine ndi mtima umodzi, kuti muzikwezera mbatata ndi kabichi kupita nazo kumsika monga tinkachitira ife. Kuti mukupita sindikudandaula. Amuna ako anapempha chitengwa bwinobwino kwa amalume ako, ndipo ine ndinavomera. Chimene chandiimitsa mutu ndi chimene ndaona lero m'mawa. Kuyambira pamenepo mtima wanga uli m'mwamba.

Ndinali kuseri kwa mpanda, ndikusuzumira pamene udzu unathothoka paja. A Domingu anabweza karinya chambuyo, achimwene awo awiri ananyamula mutu wa ngolo n'kugwetsera chipewa chake chachitsulo pa kampira ka kumbuyo kwa galimoto. Chogwirira cha pamwamba pa chipewacho chinakana kutsika. Mmodzi anatola mwala, khoo! khoo! mpaka chinagona mokakamiza. Pabowo la pinu analowetsapo msomali n'kuupinda. Fisha, pulagi ija ya magetsi a ngolo, anaikulunga pa chitsulo, ndipo ndinamva a Domingu akuti, "Tiyenda masana, magetsi ndi a chiyani?" Kenaka anayamba kupakira, matiresi ndi mipando kutsogolo, matumba onse a chimanga kumatako. Mayo ine!

Ukudziwa chifukwa chake sindinatuluke. Chibwerereni a Domingu pakhomo pano pa chikamwini, ine ndi iwo sitinayang'ananepo m'maso. Tikakumana panjira amapatuka, ine ndimatembenukira kutchire, moni timapatsana cham'mbali. Ndi munthu waulemu, sindinamvepo liwu lawo litakwera, ndipo denga la khitchini lija anafolera ndi iwo popanda wowatuma. Ndiye ine mpongozi wawo ndituluke kumpanda, pamaso pa abale awo, ndikawauze kuti mwalakwitsa apa ndi apa? Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso. Iwo ananjuta n'kuomba m'manja ali patali, kuganiza kuti ndikupereka moni. Ndinabwerera kukhitchini. Pakamwa panga pofikira kwa a Domingu ndiwe, Luwiza, palibenso wina.

Kuyendetsa amatha, zimenezo sindikutsutsa. Koma kuyendetsa galimoto yokha n'kwina, kukoka chinthu kumbuyo n'kwinanso, ndipo iwo sanakokepo ngakhale wilibala. Ine ndinakhala ndi ngolo imeneyi zaka zonse zija migodi ya malasha itangotsegulidwa, Moatize atadzaza anthu ofuna kudya. Bambo ako anaigula kwa kampani ina imene inali itamaliza ntchito yake, ndipo tinkatsika ndi tomato, kabichi ndi mbatata kukapereka m'makhitchini a antchito mpaka ku Benga. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Woyendetsa saona chimene chili kumsana kwake, amadalira amene waima kumbuyoko. Kwa ife munthu ameneyo ndinali ine. Kuyambira mawa ndiwe, kaya ufune kaya usafune.

Chala changa chachifupi ichi, chimene uli mwana unkati chinadyedwa ndi khoswe, chinadyedwa ndi ngolo imeneyo. Linali tsiku langa loyamba kumanga. Ndinaima pakati pa galimoto ndi ngolo, dzanja ndalowetsa pansi pa chipewa kuti ndichilondolere pa kampira, n'kukuwa kuti, "Bwerani pang'ono!" Pang'ono pa bambo ako ndi pang'ono panga zinali zosiyana. Ndinangomva tswa! Sindinalire nthawi yomweyo, ndinangoyang'ana nsonga ya chala ikulendewera. Bambo ako anasanza m'mbali mwa msewu, ndipo wofunika kutonthozedwa anakhala iwowo. Tsono iwe usaime pakati. Uime pambali pamene akukuona pagalasi, ulankhule ndi dzanja, ndipo usakhudze chitsulo mpaka galimoto itaima ndithu. Mutu wa ngolo sunyamulidwa ndi msana wa munthu. Pali kagudumu kakutsogolo kokhala ndi chopukusira, ndiko kamakweza ndi kutsitsa. Kalimba ndi dzimbiri, ukathire mafuta, ngakhale ophikira omwewa. Mukamaliza kumanga ukakweze mpaka pamwamba ndi kukamanga zolimba, kangakhule msewu.

Tsono za mwala uja. Chogwirira chikakana kutsika, chikukuuza kuti chipewa sichinavale kampira, changokhala pamwamba. Kuchimenya ndi mwala n'kungochitseka pakamwa. Ine ndinachitapo zomwezo m'mawa wina, tikuthamangira kuti tomato asapse ndi dzuwa. Ndinaponda ndi phazi, chinagona, ndinati tiyeni. Titadutsa pa Musakama tinagunda dzenje pa kamtsetse, galimoto inapepuka mwadzidzidzi, bambo ako n'kuti, "Lero ikukoka bwino bwanji!" Asanatseke pakamwa ndinaona ngolo yathu ikutidutsa kudzanja langa, yokhayokha, mabokosi a tomato ali momwemo. Luwiza, m'mbali mwa msewu umenewo mumakhala amayi ogulitsa makala ndi ana awo. Inadutsa pamene mayi wina anali atangonyamuka kukathamangitsa mbuzi, inaphwanya benchi lake, n'kukaima pachulu. Kamphasa ka mwana wake kanali pansi pa benchilo, koma mwanayo anali kumsana. Mayiyo sanatitukwane. Anangotiyang'ana, ndipo kukanakhala bwino akanatitukwana. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Ndiye umange chonchi. Chipewa chitsike chokha pa kampira, chogwirira chigone popanda kumenya, umve kuti khethe. Ukatero upukuse kagudumu kaja ngati ukufuna kukweza ngolo. Matako a karinya akamakwera nawo, ndiye kuti chagwira. Chipewa chikamakwera chokha, yambiraninso, ngakhale anthu akuseke. Kenaka ugwade, usuzumire pansi ndi maso ako, uone kuti kalilime kachitsulo kagwira kampira kunsi. Ugwade ndithu, usangowerama. Pabowo palowe pinu yake, osati msomali, chifukwa msomali umawongoka wokha ndi kugwedezeka kwa msewu. Pinuyo ndakumangira m'kansalu, ili m'dengu la nyemba lija ndakupatsa. Mmenemo mulinso kampira ka bambo ako. Timipira timeneti pamaso timafanana koma timasiyana msinkhu, ndipo ndikukayika kuti ka pa karinya yawoyo ndi ka chipewa chathu. A Domingu apite nako musananyamuke kwa makaniko wa pafupi ndi malire, akamange ndi sipanala yaikulu, osati ndi manja a achimwene awo.

Maunyolo sunawaone pa ngolopo chifukwa ndinawachotsa ndine. Bambo ako atamwalira ngolo inangokhala pansi pa mpeyala, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo akuba atavuta ndinamasula onse awiri kukatsekera khola la mbuzi. Pamudzi pano chitsulo sichikhala chopanda ntchito, ukudziwa. A Domingu sangafunse za chinthu chimene sanachionepo. Ndawamasula kukholako masana ano, ndawatsuka, ali m'thumba kuseri kwa chitseko chako. Mbuzi zigona ndi luzi, zikabedwa zibedwe. Powamanga uwapingase pansi pa mutu wa ngolo, wakumanja upite kumanzere, wakumanzere upite kumanja, kuti chipewa chikavuka mutuwo ugwere pa maunyolo, usalase pansi. Asalimbe kwambiri, angakane pokhota, komanso asakhwekhwereze m'msewu. Akoledwe pa chitsulo chenicheni cha galimoto, osati kungowakulunga pa kampira. Palinso kawaya kowonda kochokera pa buleki ya ngolo. Achimwene awo aja anakakoka n'kuseka kuti ndi msampha wa mbewa. Aseke, koma kameneko ndiko kamakoka buleki ngolo ikathawa. Kakoledwe pakokha pa galimoto, osati pa unyolo. Tsiku la tomato lija maunyolo ndi kawayako tinali titangozikulunga kuti zisatisokose.

Pano uwerenge modekha, chifukwa ndi pamene pakundisowetsa mtendere kuposa ponse. Ngolo imeneyi si ya ng'ombe, ili ndi mabuleki akeake. Galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha kutsogolo, mutu wake umalowa mkati pang'ono, ndipo kulowako n'kumene kumagwira mabuleki. Vuto lake, pobwerera chambuyo amagwiranso, ndiye pali kachitsulo kopindika m'mbali mwa mutu kamene umagwetsa kuti mutuwo usalowe. Lero ndaona akukagwetsa potembenuza ngolo pabwalo, koma sindinaone wina akukadzutsa. Kakakhala chigonere, ngolo ilibe mabuleki mpang'ono pomwe.

Ine ndinakaiwalapo tsiku lina titadzaza mbatata mpaka pamwamba. Mitsetse yochoka kuno ku Zobwe ukuidziwa, yaitali, yokhotakhota. Ngolo inkatikankha ngati ng'ombe yolusa. Bambo ako akuponda, akuponda, fungo la chinthu chopserera linadzaza m'galimoto, kenaka ndinaona phazi lawo lafika pansi galimoto osamva. Mabuleki anali atapsa. Ndinadziwira thukuta la pakhosi pawo. Anatsitsa magiya imodziimodzi, injini ikulira ngati ikufa, ine ndikuitana Maria Woyera ndi oyera onse amene ndinawakumbukira. Tinakaima pa chitunda chotsatira, mawilo akufuka utsi. Iwe tsiku limenelo unali nafe, sukulu itatsekera, mutu wako uli pamiyendo panga, sunadzuke n'komwe. Mawa pamiyendo pako padzakhala kaJuliya. Kadzutse kachitsuloko, Luwiza, ndi dzanja lako, usatume munthu. Uwauzenso kuti mtsetse amauyamba ndi giya yaing'ono kuchokera pamwamba, asadikire kuti liwiro likule. Mukatsika woyamba muime pamalo oonekera, uzungulire ngolo yonse, uyandikize dzanja pa mawilo ake. Akafunda pang'ono ndiye kuti mabuleki akugwira ntchito. Akaotcha, dikirani azizire. Akakhala ozizira ngati mwala wa kumtsinje, sakugwira, muyang'anenso kachitsulo kaja.

Katundu uja atsitsidwe, apakidwenso. Ndikudziwa achimwene awo ang'ung'udza, ang'ung'udze, sadzakhala m'galimotomo iwo. Zolemera zikhale pamwamba pa mawilo ndi kutsogolo pang'ono, matiresi ndiwo apite kumatako. Kumbuyo kukalemera mutu umapepuka, umanyamula matako a galimoto, ndipo ngolo imayamba kuvina, uku ndi uku, makamaka galimoto yaikulu ikakudutsani ndi mphepo yake. Ikayamba kuvina asaponde buleki mwamphamvu, asalimbane ndi chiwongolero, angochotsa phazi pa moto pang'onopang'ono mpaka italeka. Ife inatimwazirapo kabichi msewu wonse chifukwa ndinapakira mothamanga, ana a pamudzi umenewo anadya bwino sabata imeneyo. Matayala nawo akhala nthawi yaitali osayenda, uwaone m'mbali ngati achita ming'alu, ndipo apopedwe katundu asanakwere. Azakhali ako anena kale kuti akhala pamwamba pa matumba kukuperekezani kuti akaone nyumba. Amenewo usavutike nawo, ndi mlamu wanga, tinazolowerana kukangana. Pa ngolo sipakwera munthu, atupe asatupe. Akafuna kukaona nyumba akwere shapa, minibasi zilipo.

Tsono magetsi, amene a Domingu akuti ndi a usiku. Ngolo ikadzaza imaphimba magetsi onse a kumbuyo kwa karinya. Amene ali kumbuyo kwanu sadziwa kuti mwaponda buleki, sadziwa kuti mukukhota, ndipo okhala kumbuyo pa msewu uwu ndi magalimoto aakulu a mafuta ndi a katundu ochokera ku Malawi, amene saima msanga. Uonjezerepo nkhungu ya mwezi uno, imene m'mawa munthu suona ngakhale khola lako. Fisha ilowe m'malo mwake pa galimoto mpaka kachivundikiro kaigwire. Isanalowe uiuzire, upukute timano take ndi kansalu kouma. Ku Moatize fumbi la malasha limalowa paliponse, ngakhale m'mano mwa munthu, ndipo likadzaza mu fisha magetsi amayamba misala. Ukaona onse akuphethira limodzi mofooka, ndiye kuti waya woyera uja wogwira ku chitsulo cha ngolo wachita dzimbiri, upale pamenepo mpaka pawale. Wayayo asakokeke pokhota, asakhudzenso pansi.

Koma kulowetsa kokha sikukwanira. Chaka china makoswe anadya mawaya, ine n'kulumikiza ndekha, ndikumanga ndi timapepala ta pulasitiki, ndikudzitama kuti makaniko ndi wa chiyani. Anayaka onse bwinobwino. Sindinadziwe kuti ndasinthanitsa, bambo ako akaonetsa pisika wa kumanja, getsi lokhotera lija, ngolo imaonetsa kumanzere. Pokhotera kumsika ku Moatize, galimoto yaikulu imene inali kumbuyo kwathu inaona kuti tikupatukira kumanzere, inayamba kutidutsa kumanja, ife tikukhotera komweko. Kulira kwa mabuleki ake ndimakumvabe. Inaima mphuno yake itatsala pang'ono kukhudza chitseko cha bambo ako. Woyendetsayo anatsika, anatitukwana m'Chinyungwe, m'Chipwitikizi, n'kumalizira m'Chichewa kuti timve bwino. Karinya ya a Domingu ndi ina, sitikudziwa kuti mawaya ake analumikiza ndani. Ndiye uime kumbuyo kwa ngolo, iwo ali pachiwongolero, uziitana kuti, "Kumanja! Kumanzere! Pondani!" Uone ndi maso kuti mbali imene wanena ndi imene ikuphethira. Ulendo uliwonse, osati mawa lokha.

Mukafika, musathamangire kumasula. Ukoke kaye buleki ya pamanja ya ngolo, uike miyala kumawilo, ndiye mukweze chipewa. Pamalo amene maso akuti ndi pathyathyathya, ngolo imapapeza potsetsereka. Ku Benga inandithawapo ndikuyang'ana, inakagwetsa migolo ya madzi ya wophika wina, ndipo mwamwayi anali munthu wokonda kuseka.

Chinanso, anthu adzabwera kudzabwereka. Wa maliro, wosamuka, wa ukwati. Zaka zija anthu a ku Mithete ankasamutsidwa chifukwa cha migodi, ngolo imeneyi inanyamula malata ndi zitseko za anthu ambiri, ndipo ine sindinkatha kukana, munthu akuchoka pamalo pamene anakwirira makolo ake ungamukanize bwanji? Koma inkabwera pinu palibe, fisha yaphwanyika, wina anadulako waya kukamangira njinga yake, aliyense akulumbira kuti anaipeza choncho. Sindikuti uzikana. Ndikuti upite ukamange wekha pa galimoto yawo, ndipo ikabwera uyang'ane chilichonse ngati ukuiona koyamba. Pinu izigona m'nyumba mwako, osati pa ngolo.

Ndikudziwa chimene ukuganiza. Ukuti, mkazi angaphunzitse mwamuna wake za galimoto, abale ake ali pomwepo? Iwe unatengera manyazi a bambo ako, pakamwa panga unapasiya. Koma inenso poyamba ndinkaopa. Nditangoyamba kunena kuti imani ndione kaye, bambo ako ankatupa, "Kodi woyendetsa ndi ndani pano?" Ndinkayankha kuti ndinu, koma wokwera ndine. Anang'ung'udza nyengo imodzi, kenaka anazolowera, mpaka sankaliza injini ndisanamenye kawiri ndi chikhatho m'nthiti mwa ngolo. Ali m'chipatala ku Tete, chifuwa chija chitawamaliza, anamwino akufuna kukankha bedi lawo, ananditembenukira n'kuti, "Mayi a Luwiza, mwaona kumbuyo?" Anamwino anaganiza kuti mutu wasokonezeka. Ine ndinamenya kawiri pa chitsulo cha bedi, ndipo anatseka maso n'kulola kuti awakankhe.

Usayambire pagulu. Madzulo ano ukawapititsira madzi kubafa, kapena mukakhala awiri, uwauze mofatsa kuti ngolo iyi ili ndi makhalidwe ake. Ukafuna uike mlandu wonse pa ine, unene kuti nkhalamba ija yakuvutitsa tsiku lonse. Mawu akakukanika, uwapatse pepalali awerenge okha, pepala silichita manyazi ndi mkamwini. A Domingu, ngati maso anu afika pamzere uno, pepani, ndalankhula nanu mosayenera. Sindikukunyozani ayi, mwandisungira mwana bwino ndipo pakhomo pano mwasiya mbiri yabwino. Ndi mantha chabe. Anthu anga onse amene ndatsala nawo adzakhala m'galimoto yanu imodziyo.

Luwiza, dzuwa lapendeka, ndiyenera kubwerera asanayambe kundifunafuna. Mawa anthu akasonkhana, mwambo ndi woti ubwere udzandigwadire pakhonde kuti ndikupatse mawu omaliza. Mawu anga ndi awa, ndamaliza kale. Mawondo ako usawadetsere ine. Ukagwade kumbuyo kwa karinya, ndi chitenje chako chatsopano chomwecho, anthu onse akuona. Usuzumire pansi pa chipewa, ukhudze pinu, maunyolo, kawaya, kachitsulo kaja, fisha. Uitane magetsi. Ukamaliza umenye kawiri m'nthiti mwa ngolo. Ine ndidzakhala pampanda pomwe paja, ndipo ndikadzamva kumenyako ndidzadziwa kuti wanditsanzika.

Koma injini ikalira ndisanamve, ndituluka. Ndidutsa pakati pa abale a amuna ako, ndiima pamaso pa mkamwini wanga, ndiwayang'ana m'maso, ndigwada m'dothi pamapazi awo n'kuzula msomali uja ndi manja anga. Adzandinena pachitsime, kutchalitchi, mpaka pamaliro anga, ndipo a Domingu adzasowa poyang'ana moyo wawo wonse. Chibadwire sindinachitepo chotere. Usandifikitse pamenepo, mwananga, chonde. Koma udziwe kuti chitenje changa chakudimba, chogwadira m'dothi, ndachipachika kale pampanda.

Ndine mayi ako,
Anastaziya